Makina Onena Kuti Sindikudziwa

Dzina lakuti Kafadala anam'patsa ndi bambo ake omubereka, ndipo sanam'namizire. Ali mwana, ukam'tuma chinthu chimene mtima wake wakana, sankalira kapena kuthawa. Ankangogona chagada pakhonde, manja ndi miyendo gwa, ngati kachilombo kaja kamene ukakagwira kamafa dala. Ukatopa naye n'kutembenuka, wadzuka kale, ali kuseri kwa nyumba akutsata mzere wa nyerere. Anakula, anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa za tizilombo, koma khalidwe lija silinam'choke. Anangosiya kugona pansi.

Ankagwira ntchito pamalo ena a kafukufuku, m'nyumba yosanja. Pansi pa nyumbayo panali chipinda chachitali chodzaza makabati. M'makabatimo munali madilowa a galasi pamwamba, ndipo m'madilowamo munali tizilombo touma tobayidwa pa mapini, kalikonse ndi kapepala kake konena kumene kanagwidwa ndi amene anakagwira. Munali agulugufe, atombolombo, ziwala, njuchi zobiriwira zimene anthu sakhulupirira kuti ndi njuchi, ndi zikumbu zosawerengeka. Ambiri mwa amene anazitola anamwalira kalekale. Chipindacho chinkanunkha mankhwala othamangitsa njenjete, fungo lokakamira m'tsitsi, moti m'basi anthu ankam'patsa malo okwanira awiri. Pamwamba pake panali ofesi ya makompyuta, yozizira, yowala, yopanda fungo lililonse.

Kafadala ankagwira uku ndi uku, ndiye mbali zonse ziwiri zinkamuyesa mlendo. A pansi ankamutcha wamakompyuta. A pamwamba ankamutcha mayi wa tizilombo, ndipo kompyuta ikalowa kachilombo ankamuitana mwachipongwe kuti abwere ndi pini adzakabaye. Kulemba mapulogalamu anakuphunzira atakula kale, osati chifukwa chokonda makina, koma chifukwa cha kupsa mtima. Misampha imene ankatchera m'minda ndi m'nkhalango inkabweretsa tizilombo tochuluka kuposa maso a anthu onse a pansi aja, mabotolo n'kumangounjikana m'mashelefu, nkhalango zake zikudulidwa mabotolowo asanatsegulidwe. Choncho anajambula madilowa onse, limodzilimodzi, kwa zaka, n'kuphunzitsa pulogalamu kuzindikira kachilombo poona chithunzi. Ukaika kachilombo pansi pa kamera, dzina lake linkatuluka pa sikirini.

Koma si nthawi zonse. Pulogalamuyo ikakayikira, inkalemba mawu amodzi m'zilembo zikuluzikulu: SINDIKUDZIWA. Kachilombo kotero kankatsikira pansi, Kafadala n'kukaika pa maikulosikopu, n'kumatsegula dilowa ndi dilowa kukafananiza ndi anzake. Mawu amenewo ndiwo ankamunyaditsa kuposa maina onse aja.

Mkulu wa pamalopo anthu ankawatcha a Palibevuto, chifukwa nkhani iliyonse yoipa ankaiyamba ndi mawu amenewo. Anali munthu waukhondo, wa ndevu zakuda bii zapamlomo wam'mwamba zimene ankazipesa asanalowe mumsonkhano. Si kuti anali woipa mtima ayi. Vuto lawo linali lakuti chibadwire sanafunsidwepo funso n'kusowa yankho.

"A Dokotala, khalani pansi, palibe vuto," anatero tsiku lina atamuitanitsa. "Mwana wanu wa m'kompyuta uja ndi wanzeru, tonse tikum'tama. Koma ali ndi mawu amodzi oipa m'kamwa."

"Mawu ati, bwana?"

"Mukuwadziwa. Sabata yamawa kukubwera Mayi Wapampando wa komiti yotiyang'anira, ndi anthu awo. Ndiye ife tiwaonetse makina onena kuti sindikudziwa? Zimenezo ngakhale mlonda wa pageti amatha kunena, popanda magetsi. Muwachotse. Azingotchula dzina limene layandikira."

"Mawu amenewo ndi amene ndinakhetsera thukuta, bwana. Kutchula dzina n'kosavuta, ngakhale woledzera amatchula. Chovuta n'kudziwa pamene nzeru zako zathera."

A Palibevuto anamwetulira ngati munthu womvera mwana akunena ndakatulo. Kenako anafika pa nkhani yeniyeni. Kunali kubwera makina akuluakulu osungira zinthu za m'makompyuta, ndipo ankafuna chipinda chachitali, chapansi, chosalowa dzuwa. Chipinda chotero pamalopo chinali chimodzi.

"Zonse munazijambula kale nokha," anatero. "Pulogalamu ikamatchula chilichonse, mitembo ija ya ntchito yanji? Tiyika m'kontena kuseri kwa poimika magalimoto. Palibe akuitaya."

Kafadala ankaidziwa kontena imeneyo. Masana inkatentha ngati uvuni, mvula ikagwa inkatuluka thukuta m'kati. Madilowa akakhala mmenemo chaka chimodzi, ukatsegula upeza mapini okhaokha ataima pa fumbi. Ndiye chinamupweteka koposa n'chakuti mpeni wake anausula yekha. Akanapanda kujambula, palibe akanayerekeza kukhudza chipindacho.

"Sindichotsa," anatero.

"Mukaganize bwino."

"Ndaganiza kale ndili pampando pompano. Sindichotsa."

Kumapeto kwa sabata anapita kukaona bambo ake. Anawapeza pakhonde akupukuta pampu yawo yakale yopopera mankhwala, imene inasiya ntchito zaka zapitazo koma sankalola kuti ichite dzimbiri. Moyo wawo wonse anali wopopera m'nyumba za anthu: mphemvu, nsikidzi, chiswe, chilichonse cha miyendo yoposa inayi. Ankakonda kuuza anzawo kuti Mulungu ndi wanthabwala, wapatsa wakupha tizilombo mwana wozipatsa maina.

Atamva nkhani yonse anaika pampu pansi.

"Ndiye iwe ukulimbana ndi bwana wako chifukwa cha tizilombo takufa kale? Ine ndikanadziwa kuti mitembo yake ili ndi ulemu chonchi, bwenzi ndikukusungira m'thumba."

"Musaseke, ababa. Akazichotsa, pulogalamu ikalakwitsa palibe pokatsimikizira."

"Kadziotche amakonda nyali, mwanawe. Ntchito zikusowa kunjaku."

"Ndiye ndiname?"

Bambowo anakanda kumutu. "Ine pantchito yanga sindinanenepo kuti sindikudziwa. Mayi akandionetsa kachilombo, ndinkangoti, 'Aaa, aka n'koopsa, mwachita bwino kundiitana.' Kenako pompa, pompa." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Zina mwina zinalibe mlandu. Ndani ankafunsa?"

Tsiku la alendo Kafadala anafika m'mawa n'kupeza chitseko cha chipinda chake chili pululu. Madilowa a kabati yoyamba anali atasanjikizidwa m'khonde la m'kati, ndipo amuna atatu ovala maovolosi ankatulutsa ena, akuwanyamula chopendeketsa ngati makatoni a sopo. Anati auzidwa kuti alendo akamadzayendera nyumba apeze chipinda choyera. Kafadala anakwera pamwamba, masitepe awiriawiri.

Mnzake wolemba naye mapulogalamu, amene onse ankamutcha Mahedifoni chifukwa sankawavula ngakhale popita kuchimbudzi, anamuona akubwera n'kuwatsitsira m'khosi yekha.

"Achemwali, musandidye. Bwana anandiimirira pamsana mpaka nditachotsa mawu aja. Ndi mzere umodzi wokha, ndingaubwezeretse alendo akapita."

"Akapita, chipinda chapita."

"Ndili ndi ana, achemwali."

"Ndikudziwa. Usaubwezeretse. Ausiye choncho."

Mahedifoni anamuyang'ana mwamantha, chifukwa Kafadala wokalipa ankamuzolowera, koma Kafadala wofatsa anali asanamuonepo.

Kafadala anatuluka n'kuimbira foni bambo ake. Sanachedwe, anafika atavala jekete la ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo, lothina m'mapewa. Kafadala anawakokera mpando n'kuuika pakati penipeni pa khomo la chipinda chija.

"Mungokhala apa, ababa. Musalankhule ndi munthu."

"Ine? Kulondera mphemvu?"

"Mulibe mphemvu zambiri. Khalani."

Anakhala. Amuna a maovolosi atabwera kudzatenga dilowa lina, anapeza mkulu wa imvi atatambasula miyendo pakhomo, chipewa kumaso, manja pamimba. Anati odi, anatsokomola, anawagwedeza phewa pang'ono. Mkuluyo gwa. Munthu wamkulu wogona sungam'dumphe, sungam'kokenso, ndiye anakhala pansi m'khondemo n'kutulutsa mafoni awo. Aliyense wofuna kudziwa kumene Kafadala anatengera khalidwe lake akanaona pamenepo.

M'chipinda cha misonkhano munadzaza. Mayi Wapampando anali mayi wachikulire wochepa thupi, amene anapuma ntchito yoweruza milandu, ndipo ankamvetsera atatseka diso limodzi ngati akuyeza thabwa. A Palibevuto analankhula bwino, tisawanamizire. Anaika gulugufe pansi pa kamera, dzina linatuluka pa sikirini yaikulu yapakhoma. Anaika chiwala, dzina. Njuchi, dzina. Anthu anaomba m'manja.

"Palibe chimene makinawa sadziwa," anatero. "N'chifukwa chake zakale zija tikuzipumitsa."

Mayi Wapampando anatsegula diso lija. "Amene anapanga makinawa ali muno?"

Kafadala anaimirira.

"Muli ndi choonjezera, a Dokotala?"

"Pang'ono, mayi. Ndiloleni ndimufunse mwana wangayu mafunso anga."

Anapita kutsogolo, anagwira batani lakuda la pamkono wa bulauzi yake n'kulidula ndi mano. Analiika pansi pa kamera. Sikirini inaphethira, kenako inalemba dzina lalitali lachilatini, pansi pake n'kufotokoza kuti ichi ndi chikumbu chokhala m'ndowe za ng'ombe.

Wina kumbuyo anatsamwa.

"Bulauziyi ndinachapa dzulo," anatero Kafadala osamwetulira. Anatola kawaya kopanira mapepala patebulo, anakawongola pang'ono n'kukaika. Makina anati ndi chiswamphika chaching'ono. Anapempha ndolo kwa mayi wina wa m'komiti. Makina anati ndi dzira la gulugufe.

"A Dokotala, zakwana, palibe vuto, alendo atopa," anatero a Palibevuto akubwera msangamsanga. Anawerama kuti azimitse kamera, koma poigwira anaitembenuza, ndipo pakhoma ponse panadzaza mphuno ndi ndevu zopesedwa bwino zija. Makina sanazengereze. Analemba dzina, n'kuonjeza kuti ichi ndi chiyabwe, musachigwire ndi manja.

Anthu anayesetsa. Ena analuma milomo, ena anayang'ana kudenga. Koma mayi wa ndolo uja anaphulika, ndipo chipinda chonse chinagwa nacho chiseko. Mahedifoni anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Kafadala yekha sanaseke. Zinamuwawa kuona chinthu chimene anachilera zaka zonsezi chikusekedwa ngati wamisala pamsika, ndipo wochiyalutsa ndi iye mwini.

"Makinawa si opusa, mayi," anatero chiseko chitazirala. "Dzana akanakuuzani kuti batani salidziwa. Anali ndi mawu akuti sindikudziwa, ndipo mawuwo achotsedwa kuti inu musangalale. Tsopano akuyankha chilichonse. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi kagalasi. M'katimo munali kachikumbu kofiirira, kochepa ngati njere ya mpunga, komatidwa pa kapepala kosongoka. Anakaika pansi pa kamera. Makina anati ndi nankafumbwe, wowononga mbewu m'nkhokwe.

"Ili ndiye bodza loopsa, chifukwa palibe akuseka," anatero. "Kakufanana ndi nankafumbwe, inde. Mlangizi akaona dzina limeneli auza alimi kuti apopere. Koma aka sikadya mbewu. Tinakapeza m'maluwa a mtengo wina m'mphepete mwa dambo, kali mungu thupi lonse. Makina atakakana, ndinatsika nako pansi. Ndinakafananiza ndi zikumbu za m'madilowa, ndinakang'amba kumimba kuti ndione ziwalo zake zoberekera, pepani mawuwo, chifukwa tizilombo tofanana nkhope timasiyana kumeneko. Chithunzi sichivula kachilombo, mayi. Pamafunika kachilombo kenikeni, ndi anzake oti ukafananize nawo."

Mayi Wapampando anapempha kabokosiko. Anakayandikiza kumaso, anakatalikitsa, anavala magalasi.

"Ndiye dzina lake ndi chiyani?"

"Sindikudziwa, mayi."

Anawanena mokweza, mutu uli chilili, ngati munthu wotchula dzina la kwawo.

"Dokotala wathunthu?"

"Wathunthu. Sindikudziwa ine, sakudziwa makina, ndipo m'mabuku onse amene ndafufuza mulibe. Mwina palibe anakapatsapo dzina. Ndikadzatsimikiza, ndidzaphunzitsa makinawa, ndipo adzadziwa chinthu chimodzi choonjezera. Amaphunzira choncho. Sukulu yawo ndi chipinda chimene chikusesedwa pansipa."

Mayi aja anaika kabokosi patebulo pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa a Palibevuto, amene anali ataima pambali akusisita ndevu ngati akufuna kuzibisa.

"Bambo Mkulu, pobwera ndaona madilowa m'khonde. Mwa tizilombo tili mmenemo, tosadziwika maina ngati aka tilipo tingati?"

"Mayi, palibe vuto, zonse zinajambulidwa bwinobwino, ndipo malinga ndi ndondomeko yathu…"

"Sindinafunse za zithunzi."

"N'zochepa kwambiri, mayi, tinganene kuti pafupifupi…"

"Ndakhala zaka zambiri ndikumva mboni zikunena kuti pafupifupi. Tilipo tingati?"

A Palibevuto anayang'ana Mahedifoni, Mahedifoni anayang'ana nsapato zake. Kenako a Palibevuto anayang'ana pa sikirini, pamene panali pakadali dzina la nankafumbwe. Mawuwo anatuluka movutikira ngati dzino lozulidwa.

"Sindikudziwa, mayi."

"Ehe. Si mwaona, simunafe," anatero Mayi Wapampando akuvula magalasi. "Chinthu chimene sitikuchidziwa sitingachiike m'kontena. Madilowa abwerere mmene anali. Makina atsopanowo muwafunire malo ena, ndipo awa muwabwezere mawu awo."

Alendo atapita kukamwa tiyi, a Palibevuto anam'peza Kafadala pamasitepe. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayambe ndi mawu awo aja.

"Mwandivula pagulu, a Dokotala."

"Ndinakuuzani muofesi, bwana, tili awiri. Za ndevuzo sindinakonze ine, pepani."

"Chipinda mwapambana. Koma kontirakiti yanu ikutha mwezi uno, ndipo wosainira ndine. Mawa m'mawa mubwere tidzakambirane."

Anakwera, nsapato zikugogoda. Kafadala anatsala atagwira chitsulo cha masitepe. Mantha anam'fika tsopano, enieni. Anaganiza za lendi, za mankhwala a bambo ake, za kuyambanso kugogoda m'maofesi ndi fungo la mankhwala a njenjete m'tsitsi. Kenako anatsika.

Pakhomo paja bambo ake anali chigonere, chipewa kumaso. Amuna a maovolosi anali atauzidwa kale, ndipo ankadikira kuti mkuluyo asunthe kuti alowetse zimene anatulutsa.

"Ababa, dzukani. Zatha."

Chipewa chinatukuka pang'ono, diso limodzi linasuzumira. "Ndani wafa?"

"Palibe. Madilowa akubwerera."

Mkuluyo anadzuka msanga kuposa mmene munthu wa msinkhu wawo amadzukira, anakoka mpando, n'kuyamba kulamula amuna aja ngati kapitawo. "Chogoneka, achimwene, chogoneka! Si makatoni a sopo amenewo. Muli anthu osadziwika maina mmenemo." Kenako anavula jekete, anawerama n'kunyamula dilowa limodzi okha. Linali la zikumbu zing'onozing'ono, mizere ndi mizere. Analiyang'ana nthawi yaitali kudzera pagalasi.

"Izi ndinazionapo m'nyumba ina," anatero motsitsa mawu. "Ndinati n'zoopsa."

Kafadala ananyamula lake. Analowa motsatizana m'chipinda chonunkha chija, iye patsogolo, n'kulowetsa dilowa m'malo mwake mpaka linati khotyo. Foni yake inalira kamodzi. Anali Mahedifoni, watumiza chithunzi cha sikirini: batani lija lili pansi pa kamera, ndipo pamwamba pake pali mawu amodzi m'zilembo zikuluzikulu.

Bambo ake anam'patsira dilowa lawo, akupuma mwamphamvu. Anamuyang'ana kumaso, poti mwana wako umamudziwa ngakhale atapambana.

"Nanga ntchito, mwanawe? Mawa ikhalapo?"

Kafadala analandira dilowalo, analilowetsa bwinobwino, n'kupukuta galasi lake ndi mkono wa bulauzi wopanda batani uja.

"Sindikudziwa, ababa," anatero. "Bweretsani linalo."